Kanyamulidwe ka petulo m'chigubu

Chimene chimayamba kugwira moto pa petulo ndi mpweya umene amatulutsa, ndipo popeza mpweyawu ndi wolemera kuposa mpweya wamba, umayenda chapansipansi mpaka kukafika pa mbaula imene mukuiona ngati ili patali. Musadzaze chigubu mpaka kukamwa, chifukwa petulo amafufuma akatenthedwa ndi dzuwa, ndipo amatha kutulukira pachitsekerero. Pothira, chigubu chikhale pansi, osati pagalimoto, kuti magetsi obwera chifukwa cha kukhulana asathetheke. Zigubu za mafuta ophikira sizinapangidwire ntchito imeneyi, ndipo zimandidetsa nkhawa kwambiri ndikaziona pansi pa mpando m'minibasi. Moto ukabuka, thirani mchenga, osati madzi, chifukwa petulo amayandama pamadzi n'kufalikira.