Mabuku a mizukwa kuno ku UK, ndi nkhani ya zotukwana

Mu Disembala kuno kumada 4 koloko isanakwane. Abale anga amene mumaweruka kushifiti n'kupeza usiku wautali chonchi, yesani mabuku amene eni dziko amawatcha Gothic. Muli nyumba zakale zosunga zinsinsi, mizukwa, ndi zolakwa za makolo zimene zikuzunza adzukulu. Ife amene tinakula tikuuzidwa kuti manda salozedwa chala, nkhani zotere sitivutika kuzimva.

Musathe ndalama. Kulembetsa ku laibulale ya khonsolo n'kwaulere, ingonyamulani kalata yosonyeza adiresi yanu. Malaibulale ambiri khadi lomwelo limakutsegulirani BorrowBox kapena Libby, mapulogalamu obwerekera mabuku pafoni, ndipo mungamamvetsere buku muli m'basi.

Ngati Chingerezi cholembedwa chimakutopetsani, yambani ndi The Woman in Black la Susan Hill, la mu 1983, chifukwa ndi lalifupi ndipo chilankhulo chake n'chaulemu. Koma limene ndimalikonda ndi White is for Witching la Helen Oyeyemi, amene anabadwira ku Nigeria. Linatuluka mu 2009, ndipo limanena za nyumba ina ku Dover, mzinda umene anthu ambiri amalowera m'dziko muno, nyumba yodana ndi obwera. Munthu amene anakanizidwapo lendi atangomuona nkhope, mantha a m'bukuli amawadziwa kale.

Za kutukwana dziwani izi. Chiyambire 1960, pamene khoti ku London linapeza kuti kampani yosindikiza mabuku ya Penguin sinalakwe kusindikiza Lady Chatterley's Lover, buku lokhala ndi mawu otukwana, olemba akhala omasuka kwambiri ndi mawu. Ndipo mabuku alibe chizindikiro cha zaka ngati 15 kapena 18 za pa mafilimu. Musanampatse mwana buku, ngakhale la pa shelefu ya achinyamata, litseguleni pakati muwerenge pamene anthu akukangana. Masamba atatu akwana.

Ine sinditaya buku chifukwa munthu wogwidwa ndi mantha watukwana. Pakamwa pake mawuwo ali m'malo. Wolemba amene amathira zotukwana tsamba lililonse ndiye amanditopetsa. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti zotukwana za Chingerezi sizitibaya mumtima ngati zakwathu, choncho n'zosavuta kuzitola osadziwa kulemera kwake. Mawu amene mwawerenga usiku mukawalankhula mawa pamaso pa agogo amene mumawasamalira ku care home, akhoza kukuitanitsani kwa manijala.