Mmene mungayesere msika wa zokongoletsa zagalasi za m'mathanki a nsomba musanagule ng'anjo

Munthu amene akufuna kuyamba kupanga zokongoletsa za m'mathanki owetera nsomba, zija amaziumba pouzira mpweya m'galasi losungunuka, sakulakwa kuyang'ana ku Salima, chifukwa zina mwa nsomba zimene anthu a ku Germany, ku Netherlands ndi ku America amazisunga m'nyumba zawo monyadira zimachokera m'madzi athu omwewa. Ku Kambiri Point, kufupi ndi Senga Bay, malemu Stuart Grant adakhazikitsa malo osungira mbuna, tinsomba tokongola ta m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, ndi kuzitumiza kunja zamoyo, ndipo zilumba za Maleri zili mbali ya Lake Malawi National Park, imene bungwe la UNESCO lidaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984. Komabe kutchuka kwa nsomba si umboni wakuti galasi lanu lidzagulidwa, choncho ntchito yoyamba ndi kudziwa amene adzatulutse ndalama m'thumba.

Yambani ndi kuwerenga mathanki amene alipodi. Pa boma la Salima ndi ku Nkhotakota nsomba ndi ndiwo, ndipo mabanja oweta nsomba zongoonerera m'nyumba ndi ochepa kwambiri, moti msika wa pakhomo pokha sungakudyetseni. Yendani m'maloji a ku Senga Bay ndi a m'mbali mwa msewu wa M5, kenako mukwere ulendo wa ku Lilongwe pa msewu wa M14, mukaone mahotela, malo odyera, maofesi ndi mashopu ogulitsa zakudya za ziweto. Paliponse pamene mwapeza thanki, lembani m'kabuku kukula kwake, nsomba zimene zilimo, zokongoletsa zimene zaikidwamo, kumene zidagulidwa ndi mtengo wake. Musafunse mwini thankiyo ngati angagule katundu wanu, pakuti mwaulemu wathu adzavomera kuti musachite manyazi. Mufunseni chimene adagula komaliza, liti, ndiponso pa ndalama zingati.

Mukatero muona kuti ogula sali amtundu umodzi, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse. Mbuna zimakhala m'miyala, zimadya ndere za pamiyalapo, zazimuna zimalimbirana malo, ndipo zazikazi zimasunga mazira ndi ana m'kamwa, kotero zimafuna pobisala. Anthu akunja amene amaweta mbuna mwakhama amazidziwa bwino zimenezi, ndipo amayesetsa kuti thanki ifanane ndi pansi pa nyanja, ndiye kuti mchenga ndi milu ya miyala basi. Ambiri mwa iwo sakonda zinthu zonyezimira zamitundumitundu, ndipo amene angawatumizire maluwa agalasi ofiira poganiza kuti dzina la Malawi lokha liwakopa, adzakhumudwa. Kwa anthu oterewa mungapange timapanga ndi timachubu tobisalamo nsomba, ta mtundu wosawala, kapena chifanizo cha mbuna choika pa shelefu pafupi ndi thanki. Zonyezimira zija zimagulidwa ndi eni timathanki ting'onoting'ono ta nsomba monga guppy ndi goldfish, komanso eni mahotela amene akufuna kuti mlendo aime n'kuyang'ana. Gulu lachitatu ndi la alendo odzaona nyanja amene alibe thanki n'komwe, koma atasambira pakati pa mbuna amafuna kanthu kopita nako kwawo. Kwa ine, chinthu choyenera kuyamba nacho ndi chimene chingakhale m'madzi komanso pa tebulo, monga kansomba kagalasi kokhala ndi mizere yabuluu ndi yakuda ya mbuna yeniyeni, chifukwa chimodzi chomwecho chimafikira magulu onse atatu. Pa maonekedwe enieni a nsombazo mpamene munthu wa ku Salima amaposa fakitale ya kutali, pakuti iye angathe kuziona zamoyo m'mawa uliwonse.

Kuti muyese msika mufunika zitsanzo zenizeni zogwirika ndi manja, ndipo zimenezi sizifuna kuti mukhale ndi ng'anjo yanu. Ku Eswatini kuli Ngwenya Glass ndipo ku Kenya, kufupi ndi Nairobi, kuli amisiri a ku Kitengela, ndipo onsewa amasungunula mabotolo akale n'kuumba zinthu pamanja. Alembereni mufunse ngati angakupangireni zitsanzo zochepa za zojambula zanu kapena kukuphunzitsani ntchitoyi. Dziwaninso kuti njira zilipo ziwiri. Ina ndi ya ng'anjo yaikulu, imene imatentha kupitirira madigiri 1,000 ndipo imayaka usana ndi usiku, mmisiri n'kumatenga galasi pa nsonga ya paipi yachitsulo ndi kuliuzira. Ina ndi ya lawi la gasi wosakaniza ndi okosijeni, limene limafewetsa timachubu ndi timitengo tagalasi la borosilicate, mtundu wa galasi lopirira kutentha, pa tebulo wamba. Zokongoletsa za m'thanki ndi zazing'ono, choncho njira yachiwiriyi ndi imene ikugwirizana ndi mpamba wochepa, ngakhale kuti galasi lake ndi loitanitsa kunja.

Zitsanzo zikafika, pemphani mwini loji kapena mwini shopu kuti aziike poonekera, zina m'thanki ya madzi ndi nsomba, zina pa tebulo, chilichonse chili ndi mtengo wake wolembedwa. Zisiyeni nyengo yonse ya alendo, kuyambira mwezi wa May mpaka October, ndiponso miyezi ingapo ya dzinja, kuti mudziwe mmene malonda amagwera mvula ikayamba. Werengani zimene zagulidwa zokha. Kuyamikira kwa pa Facebook ndi pa WhatsApp kumasangalatsa, koma sikulipira gasi.

Pamene mukudikira, yesani katunduyo ngati ali woyenera kukhala ndi nsomba, pakuti woweta amene nsomba yake yavulala sabweranso ndipo amauza anzake. Galasi lenileni silisungunuka m'madzi ndipo silisintha madziwo, ndiye ubwino wake waukulu, koma mtundu uyenera kukhala m'kati mwa galasilo, chifukwa penti wopaka pamwamba amakanganuka. Pewani galasi lokhala ndi mtovu. M'mphepete monse muyenera kusalazidwa ndi moto, ndipo mukayendetsa chala musamve pakuthwa paliponse. Bowo lililonse likhale lalikulu moti nsomba ilowe ndi kutembenuka, apo ayi likhale laling'ono moti singayese n'komwe kulowa. Chinthu champhako chimatsekera mpweya n'kuyandama, choncho chiboolereni pawiri kuti madzi azidutsa, ndipo tsinde lake likhale lotambalala ndi lolemera chifukwa mbuna zimakumba mchenga pansi pa chilichonse. Chiviikeni m'ndowa ya madzi a m'nyanja kwa milungu ingapo, muone mmene ndere ndi zoyera zimene madzi amasiya pa zinthu zimamatirira, kenako muyese kuchitsuka ndi kaburashi ndi viniga. Ngati pali ngodya imene burashi sikufika, sinthani kapangidwe kake.

Chimene oyamba kumene amachinyozera ndi kuziziritsa. Galasi loumbidwa likazizira msanga limasunga mphamvu yokokana m'kati mwake, ndipo lingathe kung'aluka patapita masiku, lili kale m'thanki ya kasitomala. Liyenera kukhala mu uvuni wapadera pa madigiri a pakati pa 500 ndi 550 ngati ndi la mabotolo, kapena pafupifupi 560 ngati ndi la borosilicate, kenako n'kumazizira pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Magetsi akathima pakati pa ntchitoyi katundu wa tsiku lonse angawonongeke, choncho mtengo wa jenereta kapena mabatire a sola ulowe m'mawerengero anu kuyambira pachiyambi. Mitundu iwiri ya galasiyi musaiphatikize m'chinthu chimodzi, chifukwa imafufuma ndi kunyala mosiyana ndipo imathyokana.

Powerengera mtengo, phatikizani galasi, gasi, okosijeni, magetsi, zokutira, gawo la mwini shopu, nthawi yanu, ndi zidutswa zimene zidzasweka pa ntchito ndi pa ulendo. Kumbukirani kuti zoitanitsa kunja zimatsata ndalama zakunja, ndipo kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, kotero mtengo umene mwaika lero uyenera kukhala ndi mpata. Mukamaliza, uyerekezeni ndi wa zokongoletsa zapulasitiki zochokera ku China zimene mudazilemba m'kabuku kaja. Simudzazigonjetsa pa kutchipa, ndipo funso ndi lakuti kodi alipo okwanira amene angalipire kangapo kuposa pamenepo chifukwa chinthucho n'chopangidwa pamanja m'mbali mwa nyanja ya mbuna.

Za kunja zibwere pambuyo. Kutumiza kansomba kamodzi ku Ulaya kungadye ndalama zoposa mtengo wake, choncho funani shopu yogula zambiri nthawi imodzi. Mayina a makampani amene amapita ku chionetsero cha malonda a zinthu za ziweto chotchedwa Interzoo mumzinda wa Nuremberg ku Germany, chimene chimachitika pa zaka ziwiri zilizonse, ndi poyambira pabwino, ndipo a Malawi Investment and Trade Centre ndi a MRA angakuuzeni za zikalata zofunika. Kuno kwathu onaninso mmene a Nkhotakota Pottery amagulitsira mbiya ndi makapu kwa alendo amene afika pamalo pamene zimaumbidwa. Kuuzira galasi kumakopa maso, ndipo malo ogwirira ntchito a m'mbali mwa msewu wa ku Senga Bay, pamene mlendo angaime n'kuona nsomba ikutuluka m'lawi, angagulitse zambiri kuposa shelefu ya m'tauni.

Zida mugule pokhapokha mashopu kapena maloji angapo, osagwirizana ndi inu pa ubale, ataitanitsa kachiwiri pa mtengo wanu wonse ndi kupereka ndalama yoyamba kudzera pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki. Ngati zoitanitsazo zikukwanira kulipira gasi ndi galasi la miyezi itatu, yambani ndi lawi limodzi ndi uvuni waung'ono woziziritsira, ng'anjo yaikulu idikire kaye.