Momwe mungasinthire kadyedwe nkhawa ikakupanikizani: yambirani pa kapu ya tiyi

Ndiyambe ndanena izi kuti tisadzakangane: chakudya si mankhwala. Ngati kuchipatala anakupatsani mapiritsi a maganizo monga amitriptyline kapena fluoxetine, pitirizani kumwa monga anakuuzani. Ngati masabata awiri atha mulibe chilakolako cha chilichonse, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, musadikire kuti chakudya chikuchiritseni. Pitani pachipatala cha boma pa Mulanje kapena pa Thyolo mukafunse anamwino oona za matenda a maganizo. Zomwe ndikulemba panozi ndi zothandizira, zimene ine ndinachita chaka chatha mtima utayamba kundithamanga usiku, tulo osabwera, ntchito yanga yosoka pa Chitakale itaima.

Kuti chakudya chimakhudza maganizo si nthano. Mu 2017 ku Australia anatulutsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa SMILES amene anachita pa anthu 67 odwala matenda okhumudwa. Amene anathandizidwa kusintha kadyedwe kwa masabata 12, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anapeza bwino, pomwe mwa amene sanathandizidwe kusintha kadyedwe opeza bwino anali ochepa kwambiri. Zomwe ankadyazo si zodabwitsa: nsomba, nyemba, masamba, zipatso, ufa wosakonola. Zonsezi pa msika wa Limbuli zilipo.

Choyamba, werengani makapu a tiyi amene mumamwa patsiku

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pomwe ndinapsa. Ife a kuno tinabadwira m'minda ya tiyi, ndipo chiperoni chikagwa mu Juni ketulo sachoka pamoto. Ine ndinkamwa makapu sikisi, wakuda bii, shuga masipuni atatu, nthawi zina ndiye nkhomaliro yomweyo ndi chibanzi. Tiyi ali ndi caffeine, ndipo caffeine wambiri amathamangitsa mtima, amanjenjemeretsa manja ndi kubalalitsa tulo. Kwa munthu wankhawa kale, ndiye kusonkhezera moto.

Nditamva zimenezi ndinatengeka, ndinasiya tiyi lomwelo. Tsiku loyamba linadutsa. Lachiwiri ndinadzuka mutu ukuwaza ngati wina akuswa nkhuni, thupi lonse lofooka, mtima wapachala. Mwana wa achemwali anga atangogwetsa mbale ndinamukalipira mpaka analira. Lachitatu ndinakwera kabaza kukayezetsa malungo. Sanapezeke. Adokotala atandifunsa zomwe ndasintha masiku amenewo anangoseka n'kuti, "Amayi, thupi likufuna tiyi wake. Munayenera kutsika pang'onopang'ono." Ndinabwerera ndalama ya kabaza itapita, nkhawa itawonjezeka kuposa poyamba, chifukwa ndinali nditayamba kale kuganiza kuti ndili ndi chotupa m'mutu.

Ndiye inu chitani chonchi. Sabata yoyamba chotsani kapu imodzi yokha, yausiku. Sabata yachiwiri chotsani yamadzulo. Caffeine amatenga maola ngati asanu kuti theka lake lituluke m'thupi, choncho tiyi wa 5 koloko amakhala akadali m'magazi pomwe mukugona. Pofika sabata yachinayi mukhale pa makapu awiri, onse dzuwa lisanafike pamutu. Masamba muzithira ochepa, osawiritsa mpaka madzi kuda. Shuga naye atsike supuni imodzi imodzi. M'malo mwa kapu yomwe mwachotsayo wiritsani udzu wa mandimu uja, lemongrass, kapena jinja. Dzanja limangofuna kugwira kanthu kotentha, basi.

Chinanso chomwe sindinkadziwa: tiyi womwera pa chakudya amalepheretsa thupi kuyamwa ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba. Ayironi akachepa magazi amachepa, munthu umangotopa, kupuma mwawefuwefu, mtima kugunda, zizindikiro zomwe zimasokonezeka mosavuta ndi nkhawa. Siyani ola limodzi pakati pa nsima ndi tiyi. Amayi anzanga, mukapita kuchipatala pemphani akuyezeni magazi.

Chachiwiri, bwererani ku mgaiwa

Ufa woyera ndi wokoma, sindikana, koma pokonola ndi poviika mphale timataya gaga ndi kamtima ka chimanga komwe kuli mavitamini a B ndi magnesium. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba, sukusiya ukunjenjemera ndi njala 10 koloko. Kunyumba kwanga bambo anayamba akana, ati nsima ya kusukulu yogonera. Ndinangosakaniza theka mgaiwa theka woyera, mwezi utatha palibe anadandaulanso. Kuchigayo mumalipiranso kamodzi m'malo mwa kawiri. M'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, osatuluka m'nyumba ndi tiyi yekha.

Za nsinjiro ndichenjeze. Zogula zosinjasinja m'timapepala zija, ena amasinja mtedza wofumbwa ndi wachuku umene walephera kugulika, ndipo chuku cha mtedza chili ndi poizoni wowononga chiwindi. Gulani mtedza wathunthu, sankhani nokha, sinjani nokha.

Chachitatu, nsomba kawiri kapena katatu pasabata

Mafuta a omega-3 amene ubongo umagwiritsa ntchito amapezeka mu nsomba, pamodzi ndi vitamini B12 yemwe m'masamba mulibe. Sindikunena chambo, ndani angakwanitse masiku ano. Usipa, matemba a ku Chilwa, utaka, zimenezo. Mulu ukucheperachepera mtengo ukukwera, ndiye ine ndimagwirizana ndi anzanga awiri, timagula kachidebe tsiku la msika n'kugawana. Nunkhizani musanagule. Usipa wofiira wonunkha mafuta owola wakhalitsa, ndipo pansi pa mulu ena amabisa mitu ndi mchenga. Sabata yovuta, dzira limodzi lowiritsa kapena kapu ya chambiko zikuthandizani pa B12.

Chachinayi, masamba ndi nandolo

Bonongwe, nkhwani, chisoso, kholowa, khwanya: muli vitamini wotchedwa folate, yemwe amapezeka wochepa mwa anthu ambiri odwala matenda okhumudwa. Kuphika kwake mukudziwa, ndingoti soda ndi chidulo muchepetse chifukwa zimapha mavitamini, ndipo musaphike mpaka masamba kusanduka akuda. Nandolo ndiye tili naye wosowa pomuika, timangogulitsa kwa mavenda pamtengo wolira. Sungani chitini chimodzi chapakhomo. Mukatha kudya, kachidutswa ka nanazi, gwafa kapena lalanje, chifukwa vitamini C amathandiza kuyamwa ayironi uja. Nyengo ya mapeyala musawaphonye.

Zotsalazo mwachidule

Mowa, kaya kachasu kaya wam'botolo, umagonetsa nkhawa usiku n'kuidzutsa yokulirapo m'mawa, ndipo sugwirizana ndi mapiritsi aja. Amene mumamwa tsiku ndi tsiku musasiye mwadzidzidzi panokha, zimatha kukomola, kaonaneni ndi achipatala. Zakumwa zopatsa mphamvu za m'zitini ndi caffeine yemweyo wothira shuga. Madzi mwani. Musadumphe chakudya.

Anyamata ogulitsa timabotolo m'minibasi ya ku Limbe, amene amati kamodzikamodzi kachiritsa maganizo, shuga, BP ndi kusabereka, asiyeni adutse. Ine ndinagulako kamodzi ufa wobiriwira pamtengo wa nkhuku yathunthu. Kufika kunyumba apongozi ananunkhiza n'kundilozera mtengo wa chammwamba uli kuseri kwa bafa.

Tulo tanga tinayamba kubwerera cha m'sabata yachisanu. Lembani m'kakope makapu a tiyi ndi maola amene mwagona tsiku lililonse, mukapita nako pa tsiku lanu la sikelo ya maganizo kuchipatala.