Zoika mu kamfuti ka mphepo, osangotola chilichonse

Anzanga amene mumapanga timfuti ta paipi topopera ndi pampu ya njinga tija, nkhani ya chipolopolo musaitenge mopepuka. Ine kuno ku Chipata ndimagwiritsa mbatatesi basi, yaiwisi, yokulirapo pang'ono kuposa kamwa la paipi, mumaikankha ndi chikhatho mpaka paipi iidule yokha ndiye imatseka bwinobwino mphepo osathawira m'mbali. Ikalowa mogwedera ingogwera pamapazi panu pomwepo. Chitsononkho chokulunga kansanza konyowa nachonso chimayenda, koma chimapepuka, sichifika patali.

Miyala, mabawuti, misomali ayi chonde. Mwala ukamenya khoma kapena mtengo umabwerera, ndipo diso likaphulika palibe pokagula lina. Komanso cholimba chikakakamira mkati mphepo imasowa potulukira, paipi yapulasitiki ya PVC ikaphulika imamwaza zidutswa zakuthwa ngati za botolo, makamaka yomwe yakhala padzuwa la Okutobala mpaka kuuma gwa.

Chikakakamira, yambani mwatulutsa mphepo yonse, kenako muchikankhe ndi ndodo. Musasuzumire mkati. Ana aime kumbuyo kwanu, ndipo lozetsani kumunda kopanda anthu kapena mbuzi.