Zoyenera kuchita mukamva za kafukufuku woopsa wokhudza matenda anu a mgonagona

Munthu amene ali ndi matenda a mgonagona, monga shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu, khunyu kapena HIV, salandira nkhani za kafukufuku mofanana ndi anthu ena. Kwa wathanzi, mutu wa nkhani wonena kuti mankhwala akutiakuti amayambitsa khansa umangodutsa ngati mphepo, koma kwa amene wamwa mankhwalawo m'mawa womwewo mtima umapita m'mwamba ndipo tulo timasowa. Mantha amenewa si opusa ayi. Chofunika ndi kuwagwira kuti asakupangireni chisankho musanamvetse zimene kafukufukuyo wapeza.

Musasiye mankhwala anu chifukwa cha nkhani imene mwawerenga kapena kumva, ngakhale itaoneka yodalirika motani. Mankhwala ena ndi oopsa kwambiri kuwasiya mwadzidzidzi kusiyana ndi kupitiriza kumwa. Amene wamwa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, kwa nthawi yaitali, thupi lake limachepetsa kupanga homoni yofanana ndi mankhwalawo, moti akasiya mwadzidzidzi akhoza kufooka mpaka kukomoka. Wakhunyu akadumphitsa mankhwala, kugwa kumabwerera, nthawi zina mwamphamvu kuposa kale. Kunalinso nthawi imene akatswiri ena ankaganiza kuti kupumira ma ARV kungachepetse mavuto obwera ndi mankhwalawa, koma kafukufuku wotchedwa SMART, wa anthu oposa 5,000, anaimitsidwa mu 2006 asanafike kumapeto chifukwa kudwala kwambiri ndi imfa zinachuluka kuwirikiza kawiri ndi kupitirira pakati pa amene ankapumira.

Mtima ukakhala pansi, funsani funso ili: kodi ndi anthu angati mwa anthu angati? Olemba nkhani amakonda mawu akuti "chiopsezo chawirikiza kawiri" chifukwa amakopa maso, koma pawokha mawuwa sanena kanthu. Mu 1995 boma la Britain linachenjeza kuti mapiritsi ena olera amawirikiza kawiri chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha, ndipo amayi ambiri anasiya kumwa nthawi yomweyo, mimba zosakonzekera n'kuchuluka. Kuwirikizako kunali kuchoka pa mayi mmodzi mwa amayi 7,000 kufika pa awiri. Chimodzimodzinso mu 2018, pamene mapiritsi ena a valsartan, omwe amachepetsa kuthamanga kwa magazi, anachotsedwa pamsika atapezeka ndi kachinthu koipa kotchedwa NDMA. Bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linawerengera kuti anthu 8,000 atamwa mlingo waukulu kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka zinayi, mmodzi yekha ndi amene angadwale khansa chifukwa cha zimenezo, ndipo linalangiza odwala kuti apitirize kumwa kufikira atapatsidwa mapiritsi ena. Ngati nkhani imene mukuwerenga sikupereka nambala zoterezi, dziwani kuti yakubisirani mbali yaikulu.

Onaninso kuti kafukufukuyo anachitidwa pa yani. Zopezeka pa mbewa kapena pa maselo a m'mbale ya mulabotale zimakhala zidakali kutali ndi thupi lanu, ndipo izi zimagwira mbali zonse ziwiri, chifukwa ngakhale mwa mankhwala amene afika poyesedwa pa anthu, pafupifupi 9 mwa 10 alionse savomerezedwa. Kafukufuku wongoyang'anira anthu patali alinso ndi msampha wake: amene amapatsidwa mankhwala amphamvu nthawi zambiri ndi amene anali odwalika kale, kotero imfa zikachuluka pakati pawo n'kutheka kuti cholakwa ndi matendawo osati mankhwala.

Zotsatira zoyambirira zimasintha, ndipo nkhani ya dolutegravir, mtundu wina wa ma ARV, ndi chitsanzo chabwino. Mu 2018 kafukufuku wa Tsepamo ku Botswana anapeza kuti ana anayi mwa ana 426 obadwa kwa amayi amene anatenga mimba akumwa mankhwalawa anali ndi zilema za ubongo ndi msana. Chenjezo linafalikira dziko lonse lapansi, ndipo amayi ambiri anamanidwa mankhwala amene akanawathandiza bwino. Ofufuzawo sanalakwe kuchenjeza, koma pamene ana obadwa ankachulukirachulukira chiwerengerocho chinatsika, kufika pa ana pafupifupi atatu mwa 1,000 mu 2019, kenako n'kudzafanana ndi cha amayi omwa ma ARV ena. M'chaka cha 2019 chomwecho bungwe la WHO linavomereza dolutegravir kwa anthu onse, kuphatikizapo amayi oyembekezera. Chenjezo loyamba linamveka kutali, pamene kukonza kwake kunayenda mwakachetechete, monga zimakhalira kawirikawiri.

Zopweteka kwambiri ndi nambala zonena zaka zimene odwala matenda anu amakhala ndi moyo. Katswiri wa sayansi wa ku Harvard, Stephen Jay Gould, anamupeza ndi khansa ya m'mimba yotchedwa mesothelioma mu 1982, ndipo anawerenga kuti theka la odwala ankamwalira pasanathe miyezi isanu ndi itatu. Iye anazindikira kuti theka linalo limapitirira pamenepo, ena kutali kwambiri, ndiponso kuti unyamata wake ndi kupezeka msanga kwa matendawo zinkamuika mbali yabwino. Anakhala zaka zina 20 n'kumwalira mu 2002 ndi khansa ina. Si onse amene zimawayendera chotero, koma nambala zoterezi zimanena za gulu, ndipo kawirikawiri gululo linalandira chithandizo cha zaka zam'mbuyo.

Pa kuwerenga nkhani zoterezi, dziikireni malire. Sankhani nthawi imodzi masana, osati pogona, chifukwa usiku nkhani iliyonse imakula ndipo palibe womufunsa. Mukaona kuti mwayamba kufufuza funso lomwelomwelo kachitatu pa intaneti, lekani, chifukwa pamenepo simukufunanso chidziwitso koma chitonthozo, chimene foni singakupatseni. Achibale okonda kukutumizirani nkhani zoopsa auzeni mwaulemu kuti muli ndi dokotala amene mumakambirana naye zimenezi.

M'malo mwake lembani papepala dzina la mankhwala, zimene nkhaniyo ikunena ndi kumene mwaiona, kenaka mupite nazo pa tsiku lanu la kuchipatala. Funsani ngati anthu a m'kafukufukuyo akufanana nanu pa msinkhu ndi pa kukula kwa matenda, ngati kusiya mankhwala kungakuikeni pangozi yoposa kupitiriza, ngati alipo ena olowa m'malo, komanso zizindikiro zimene muyenera kuyang'anira. Mukamva kupweteka pachifuwa, kubanika, kutupa nkhope kapena kufooka mbali imodzi ya thupi, musadikire tsikulo. Ndipo ngati nkhawa yakulepheretsani kugona, kudya kapena kugwira ntchito kwa masabata awiri, itchuleni kwa dokotala monga mmene mumatchulira shuga kapena kuthamanga kwa magazi, chifukwa nayonso ili ndi chithandizo chake.