Kusankha chotenthetsera nthanga za maungu akuluakulu m'nyengo yozizira

Maungu a mtundu wa Atlantic Giant, umene unakonzedwa ndi mlimi wa ku Canada dzina lake Howard Dill, amatha kupitirira tani imodzi, ndipo dzungu la Travis Gienger wa ku America linalemera makilogalamu 1,247 mu 2023. Dzungu lotere limafuna miyezi yambiri m'munda, n'chifukwa chake nthanga zake zimameretsedwa msanga kunja kusanafunde. Kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, m'dziko la Mozambique, amene akufuna kuokera m'dimba mu Ogasiti amafesa kumapeto kwa Julayi, nthawi imene usiku kumazizira kwambiri moti nthanga yokhala m'dothi lonyowa ndi lozizira imangoola.

Nthangazi zimamera bwino pa madigiri 29 mpaka 32, ndipo nthawi zambiri zimatuluka sabata isanathe. Choncho pogula chipangizo musakopeke ndi mphamvu yake, koma mufunse ngati chingasunge kutentha komweko usiku wonse mpaka m'mawa.

Chimene ndimalimbikitsa ndi kamphasa kamagetsi kotenthetsa miphika kunsi, kokhala ndi thermostat, chida chimene chimazimitsa magetsi kutentha kukafika pamene mwasankha. Kamphasa kopanda chidachi kamangowonjezera madigiri ochepa pa kutentha kwa m'chipinda, kotero m'bandakucha wa ku Ulongué, likulu la Angónia, sikakwanira, pamene masana dzuwa likawomba pazenera kakhoza kupsereza mbewu. Kachingwe koyezera kutentha mukalowetse m'dothi la mumphika pafupi ndi nthanga, osati pamwamba pa kamphasa. Pansi pake yalanipo katoni kapena thabwa, chifukwa simenti imaba kutentha. Muonenso zolembedwa pa chipangizocho: magetsi athu ndi a mavoti 220, ndipo kamphasa ka mavoti 110 kopangidwira ku America kadzapsa mukangokalumikiza.

Amene ali ndi makina oswetsera mazira akhoza kuwagwiritsa ntchito, malinga atawatsitsa kufika pa madigiri 30, pakuti madigiri 37.5 amene mazira a nkhuku amafuna ndi ochuluka kwa nthanga.

Kumene magetsi sanafike, bokosi losungiramo zakumwa zozizira limathandiza ndithu. Ikanimo miphika pamodzi ndi botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu, muzisintha madziwo madzulo ndi m'mawa, ndipo musatseke osaikamo choyezera kutentha, chifukwa dzanja limanama. Kuika miphika pambali pa mbaula sindikuvomereza, popeza moto wa makala umakwera ndi kutsika. Anzathu a mumzinda wa Tete ndi m'chigwa cha Zambezi, kumene mu Okutobala kumadutsa madigiri 40, nthawi imeneyo amafunika mthunzi m'malo mwa chotenthetsera.

Khungu la nthangazi ndi lokhuthala, choncho palani m'mbali mwake pang'ono ndi sandipepala, kusiya nsonga kumene kumatulukira muzu, kenaka muziviike m'madzi ofunda kwa maola ochepa. Bzalani nsonga italoza pansi, mumphika waukulu chifukwa muzu umathamanga, ndipo dothi likhale lachinyezi chabe, loti mukalifinya lisadonthe madzi. Mbande ikangotuluka ichotseni pachotenthetsera n'kuiika powala, apo ayi imatalika n'kukhala yonyozoloka. Tsamba lachitatu likayamba kuoneka, pafupifupi masiku 10 mpaka 14 chibzalire, iokereni m'dimba ndipo muziifunditsa usiku mpaka chisanu chitatha.