Mmene mungapezere mwayi wokaphunzira ku UK muli kuno ku Mzuzu

Ndinamaliza digiri yanga ku Mzuni, nditagwira ntchito zaka zingapo ndinakachita masters ku UK kudzera mu Chevening, thandizo la maphunziro lochokera ku boma la UK. Thandizoli limalipira fizi, tikiti ya ndege ndi ndalama ya mwezi uliwonse, ndipo masters yake ndi ya chaka chimodzi.

Yambani ndi pasipoti ndi transcript mudakali ndi nthawi. Mafomu amatsegulidwa pa intaneti mu Ogasiti. Amafuna digiri, zaka ziwiri za ntchito (maola 2,800), makosi atatu amene mwasankha komanso anthu awiri okuchitirani umboni. Awapempheni msanga. Ine ndinazengereza, ndipo kalata imodzi inafika mtima uli m'mwamba.

Pofunika kukhalapo pansi ndi pa nkhani zimene mumalemba zokhudza utsogoleri ndi zolinga zanu. Musangoti ndinu mtsogoleri. Fotokozani chimene munachita: ine ndinalemba za amayi ogulitsa tomato ku msika wa Zigwagwa amene ndinawathandiza kuyambitsa banki m'khonde, ndinatchula kuti tinalipo angati ndiponso zimene zinasintha. Ndinkalemba usiku ku Chibavi, mawa lake mnzanga n'kuwerenga.

Phindu ndinaliona. Laibulale yotsegula usiku wonse, aphunzitsi ofuna kuti uwatsutse, anzanga a ku Kenya ndi Nepal amene mpaka lero timatumizirana za ntchito. Kuzizira kwa ku UK kumaposa kwa Juni wathu, choncho jekete yochindikala mugule kaunjika musananyamuke.

Mukamaliza muyenera kubwerera kuno ku Malawi kwa zaka zosachepera ziwiri. Za visa mudzayendera ku Lilongwe, ndiye sungiranitu ndalama ya basi.